Wosiya mowa akakhale pati?

Kwathu kwa Msakambewa chilichonse chili ndi tsiku lake lokumana. Amayi a banki m'khonde ali ndi tsiku lawo, ndipo wochedwa amalipa chindapusa. Amayi a Chigwirizano amavala zawo zoyera Lachinayi. Alimi a fodya ali ndi makalabu, mjigo uli ndi komiti, maliro ali ndi adzukulu, ngakhale anyamata a kabaza pasiteji ali ndi tcheyamani ndi msungichuma. Omwa mowa ndiye osanena, amakumana tsiku ndi tsiku popanda wowamema, ndipo sipasowa munthu. Gulu limene ndalifunafuna osalipeza m'mapiri onsewa, kuyambira ku Kongwe mpaka kukalowa ku Ntchisi, ndi la anthu amene mowa wawatopetsa ndipo akufuna kuusiya.

Ndinayamba kulifuna chifukwa cha achimwene anga. Ndi mlimi woti anthu amachita kubwera kudzaonera nazale yake, munthu woti akamanga chigafa, mphepo ya m'mapiri muno imangochilambalala. Kumwa kwawo kunayamba monga kumayambira kwa amuna ambiri a ku Dowa: kunkatsata fodya. Msika ukatsegulidwa ku Kanengo cha mu Epulo, ndalama n'kulowa, munthu amatsikira ku Mponela kuti akagule malata ndi feteleza wa chaka chamawa, n'kubwerako patapita masiku, malata alibe, nsapato yatsala imodzi. Tinkaseka. Nkhani zotere kwathu timazikamba ngati nthabwala, mwini wake n'kumaseka nawo. Koma chinafika chaka chimene fodya anatha, ndalama n'kutha, kumwa osatha. Mowa wa m'bala unasanduka kachasu wa ngongole, wamadzulo n'kusanduka wam'mawa. Ankati akuchotsa matsire.

M'nyengo yosoka fodya ndinawapeza m'chigafa dzuwa likungotuluka, masamba ali mulu pambali, manja akunjenjemera moti tsamba linkang'ambika asanalilowetse pachingwe. Anatuma mwana kwa mayi wotcheza. Kabotolo katabwera anathira m'kapu, koma kapuyo inawakanika kunyamula. Anaikhazika pansi, n'kugwada, n'kumwa choweramira. Patapita kanthawi manja anakhazikika, ndipo anayamba kusoka mwaluso lawo lija ngati palibe chachitika. Mowa unali utasiya kalekale kuwasangalatsa. Tsopano unali wowabwereka manja kuti agwire ntchito.

Alamu anga atatopa anapita kwa ankhoswe. Atsibweni anabwera, mphasa inayalidwa, mawu anagwa olemera, ndipo achimwene analumbira pamaso pa onse kuti kuyambira tsiku lomwelo sadzalawanso. Lumbirolo analisungadi, ndipo ndi limene linatsala pang'ono kuwapha. Kunayamba thukuta ndi kusanza, usiku osagona. Tsiku lachiwiri anagwa n'kuyamba kuphupha ngati wakhunyu, ndipo atatsitsimuka ankaona njoka pakhoma, akulankhula ndi anthu amene tinawaika m'manda kalekale. Pakhomo panadzaza anthu, mayina a oganiziridwa ufiti n'kuyamba kutchulidwa chapansipansi. Mwayi wake, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu anamva msanga n'kutiumiriza kuthamangira kuchipatala.

Izi ndazifotokoza dala, chifukwa ambiri sitizidziwa. Mowa umafooketsa ubongo. Munthu akamamwa kwambiri tsiku lililonse kwa zaka, ubongo umazolowera kugwira ntchito molimbana ndi mowawo, umadzikoka mwamphamvu kuti mwini wake aziyendabe. Mowa ukachoka mwadzidzidzi, mphamvu ija imatsala yopanda choiletsa, ngati njinga yotsika chitunda cha ku Dowa mabuleki ataduka. Manjenje amayamba patangopita maola ochepa, kugwa kophupha kumabwera kawirikawiri m'masiku awiri oyamba, ndipo kubwebweta koona zinthu zimene palibe kumakula cha pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi. Anthu amafa nazo. Kuchipatala amapereka mankhwala okhazika thupi amene amawachepetsa pang'onopang'ono, komanso vitamini B1 amene amasowa m'thupi la munthu womwa osadya. Choncho aliyense amene amadzuka ndi manjenje asasiye yekha kunyumba chifukwa choti walumbira pamphasa. Ayambire kuchipatala.

Tsiku lotuluka, adokotala anawayang'ana achimwene n'kunena kuti, "Akulu, ife tathetsa manjenje, ndipo mankhwala athu athera pomwepa. Funso langa ndi ili: mawa mukaweruka kumunda, dzuwa litapendeka, mukakhala pati? Ndi yani?" Achimwene anangozyolika. "Pezani anzanu amene anasiya, muzikumana." Kumene tingakawapeze sanatiuze, ndipo sindiwaimba mlandu, poti analibe koti n'kutilozera.

Funso lawo lija landikhala m'mutu mpaka lero, chifukwa linagunda penipeni. Ife osamwa timaganiza kuti pamowa pamangokhala mowa. Pamowa ndi pamene mwamuna wa kumudzi amamva kuti feteleza wakwera, kuti uje akufuna aganyu, kuti mabelo a kalabu yakuti abwezedwa ku okushoni. Ndi pamene amatsutsa nduna ndi kocha wa Flames popanda womudula mawu. Munthu amene kunyumba amalandiridwa ndi nkhope yamasinya, pamowa amamuimirira n'kumupatsa mpando, "Fikani, bwana!" Ndipo mowa kwathu suli pashabini pokha. Uli padima, pachiliza, pachinamwali, polonga ufumu. Kuuza munthu wotere kuti siya mowa n'kumuuza kuti asamuke m'mudzi koma azigona momwemo. Masiku oyamba achimwene ankakhala pakhonde kuyambira masana mpaka mdima, akumva kuseka kwa anzawo kukuchokera kuseri kwa nsungwi. Ine ndinkawaona ndithu kuti akumira.

Chodabwitsa n'chakuti omwa si ochuluka monga timaganizira. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa amuna khumi aliwonse m'Malawi, omwa anali pafupifupi atatu, ndipo akazi anali ochepa kwambiri. Ndiye kuti amuna osamwa ndiwo ambiri. Koma alibe bwalo. Amakhala aliyense pakhomo pake, ndipo ngati akumana ndi kutchalitchi, kumene munthu wonunkha kachasu amaopa kuponda.

Boma lachitapo zake. Linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, nkhani inakafika mpaka kukhoti, ndipo mu 2017 dziko linakhazikitsa ndondomeko yake ya za mowa. Masacheti anali oipadi, ana asukulu ankawabisa m'masokosi, ndipo sindiwalira. Koma m'malo mwake munabwera timabotolo, ndipo kachasu sanamve n'komwe kuti kunja kuli lamulo. Mu 2024 anthu angapo anafa ku Blantyre atamwa mowa umene omwawo anachita kuutcha okha kuti "Ambuye n'tengeni". Munthu amene akugula chinthu cha dzina lotere sakusowa chenjezo, akudziwa bwino lomwe. Komanso tisafulumire kuloza chala amayi otcheza. Amene ankagulitsa achimwene ndi mayi wamasiye, ndipo ana ake anaphunzira ndi ndalama ya m'mabotolo omwewo. Lamulo likhoza kutseka shabini, koma silingakhale ndi munthu pakhonde mpaka dzuwa kulowa.

Mipingo nayo inayamba kale kulimbana ndi mowa m'mapiri muno, chifikire amishoni ku Mvera mu 1889 ndi ku Kongwe mu 1894. Alipo ambiri amene anasiya mowa chifukwa cha pemphero, ndipo ndikuwadziwa. Chimene chimandivuta ndi mwambo wa m'mipingo yambiri wodula munthu akapezeka ataledzera. Ndikumvetsa kuti mpingo uli ndi malamulo ake. Komabe taganizani: munthuyu anali ndi malo awiri okha okhala ndi anzake, kutchalitchi ndi kumowa. Mwamutsekera amodzi. Apita kuti? Za mankhwala azitsamba othira mobisa m'mowa kuti munthu asanze, alamu anayesa. Achimwene anasanza, n'kusintha komwera.

Ndinayamba kufunsafunsa. Thandizo lenileni la akatswiri lilipo m'dziko muno. A St John of God, amene anayamba ntchito yawo ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990 ndipo alinso ku Area 43 ku Lilongwe, ali ndi ndondomeko yothandiza anthu amene agwidwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba. Amene angathe kufikako afike, ndipo asachite manyazi. Koma ngakhale munthu atakhalako masabata angapo n'kuchira bwino, tsiku lotuluka limafika, minibasi imamutsitsa pa Dowa boma, kabaza n'kumufikitsa pakhonde lomwe lija. Mlimi wa kwa Msakambewa sangamakwere kupita ku Lilongwe sabata iliyonse kukakhala pamsonkhano wa ola limodzi. Pafoni ndinapeza misonkhano ya pa intaneti ya gulu la Alcoholics Anonymous, yochitika usana ndi usiku. Yambiri ndi ya m'Chingerezi, imadya bandulo, ndipo kwathu netiweki imafuna kukwera pachulu. Achimwene anamvetsera pang'ono n'kundibwezera foni.

Koma mbiri ya gululi inandigwira mtima, ndipo ndi imene inasintha mafunidwe anga. Mu Meyi 1935 munthu wina wa bizinesi wochokera ku New York, Bill Wilson, anali mumzinda wa Akron ku Ohio. Anali chidakwa chosiya kumene, miyezi ingapo asanalawe. Malonda amene anapitira anasokonekera, ndipo ali yekha m'hotela ya Mayflower anamva phokoso la m'bala likumukoka. M'malo molowa m'balamo anayamba kuimbira mafoni kumatchalitchi kufunsa ngati alipo amene angamupezere chidakwa chinzake choti alankhule nacho. Anamupezera dokotala wa maopaleshoni, Bob Smith, amene mowa unali utamuwonongera ntchito. Dokotalayo anavomera monyinyirika kuti angomupatsa mphindi 15, koma anacheza kwa maola ambiri. Akuti pa 10 Juni 1935 Smith anamwa komaliza, ndipo tsikuli ndi limene gululi limawerenga ngati chiyambi chake. Buku lawo linatuluka mu 1939, ndipo lero misonkhano yawo ili m'maiko ochuluka zedi.

Chimene ndinaona m'nkhaniyi ndi ichi: Wilson sanapite kukapulumutsa dokotala uja. Anapita kukadzipulumutsa yekha. Ankafuna munthu woti akamuuza za ludzu lake asadabwe, asalalikire, asamve chisoni. Tonsefe amene tinazungulira achimwene, atsibweni, alamu, akulu a mpingo ndi ine ndemwe, tinkalankhula titaimirira, iwo ali pansi. Tinali ndi chikondi, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa mmene kukhosi kumaumira ikamakwana 3 koloko masana.

Ena amati zoterezi ndi macheza chabe. Mu 2020 akatswiri a bungwe la Cochrane, motsogozedwa ndi John Kelly, anasonkhanitsa kafukufuku 27 wokhudza anthu oposa 10,000. Anapeza kuti njira zolowetsa anthu m'magulu a Alcoholics Anonymous zimathandiza kusiyiratu mowa mofanana ndi uphungu wa akatswiri, mwinanso kuposa, ndipo pa mtengo wotsika. Kafukufukuyo ngwa kumaiko olemera, ndipo si onse amene gulu limawayanja. Komabe akusonyeza kuti kukhala pansi ndi anzako a vuto limodzi si masewera. Kufupi kuno, ku Harare, Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu olemedwa maganizo, ndipo zotsatira zake zinadabwitsa madokotala.

Ndipotu sitikusowa kupita kutali. Amene tinalipo m'zaka za m'ma 1990 tikukumbuka mmene Edzi inkatchulidwira monong'ona, munthu akuwonda m'nyumba, abale akuti n'kaliwondewonde. Mu 1997 anthu amene anali ndi kachilombo anayambitsa bungwe lawo la NAPHAM, ndipo ma ARV aulere atayamba mu 2004, magulu othandizana anafalikira mpaka kumidzi. Anthu ankakumana pansi pa mtengo, kukumbutsana kumwa mankhwala, kuyenderana wina akadwala, kulima dimba limodzi. Mankhwala anapulumutsa matupi, koma manyazi anathyoledwa ndi magulu amenewa. Ngati tinatha pa nthenda imene inkatichititsa manyazi chonchija, pa mowa chingatikanike n'chiyani?

Chopinga chachikulu ndi chinsinsi. Kumaiko kumene gulu la Alcoholics Anonymous linayambira, munthu amakwera basi kupita mbali ina ya mzinda, n'kutchula dzina loyamba lokha pakati pa anthu osamudziwa. Kwathu zimenezo sizingatheke. Ukangotsokomola usiku anthu amadziwa kuti wadutsa ndi mwana wa uje, ndipo amene wakhala naye pamsonkhano ndi mlamu wako, kapena munthu amene munakanganirana malire a munda. Dzina silingabisike. Koma mawu akhoza kubisika, ndipo pa luso limeneli Achewa sitifuna mphunzitsi. Kaya gule mumamukonda kaya simumukonda, muvomereze kuti mnyamata wolowa kudambwe amakalamba mpaka kutsikira kuli chete osaulula zimene anaona. Anamkungwi sakamba za kutsimba pamjigo. Timadziwa kuti pali malo amene zonenedwa pamenepo zimathera pomwepo. Lamulo lomwelo ndi limene gulu la osiya mowa likufuna, ndipo mwina ndi lokhalo limene silingaphwanyidwe gulu n'kukhalapobe.

Mapeto ake gulu silinapezeke. Chinapezeka ndi munthu mmodzi, ndipo sindine ndinamupeza. Pamsika wathu pali bambo wina wachikulire wokonza njinga, amene kale ankadziwika kuti kukacha amatoledwa m'ngalande. Anasiya zaka zambiri zapitazo, ndipo anthu anaiwala. Achimwene anapita kukamatitsa chubu. Bamboyo anapopa chubucho, n'kuchimiza m'beseni la madzi, akuchitembenuza pang'onopang'ono kufuna potuluka thovu. Osadzutsa mutu anati, "Aphwanga, ndinamva. Njoka munaziona?"

"Ndinaziona."

"Ine anga anali makoswe. Ankachita kugwa kuchokera kutsindwi, ena ovala zipewa."

Achimwene akuti anaseka mpaka misozi, koyamba chichokere kuchipatala. Bamboyo anapala pobowoka paja, anapaka guluu, n'kudikira kuti aume. Kenako anati, "Mawa masana mubwere mudzandigwirire gudumu. Musaganize kuti ndikukuchitirani chifundo. Masanawa amandivuta ndine, mpaka lero."

Bamboyu za Akron sanamvepo, ndipo Chingerezi chake ndi cha mayina a masipeya. Koma anachita zomwezo. Achimwene anayamba kupita masana alionse. Patapita nthawi anawonjezekera mnyamata wina wa kabaza amene anagwetsa kasitomala ataledzera, kenako mphunzitsi wina wopuma. Alibe dzina, alibe tcheyamani, alibe buku la mayina. Amakhala kuseri kwa shedi ya bamboyo, thobwa lili m'chigubu, bawo ili pakati, ndipo odutsa amangoti madala akutchova nthawi. Zimene amakamba sindizidziwa zonse, ndipo n'chifukwa chake zikuyenda. Chimene achimwene anandiuza n'chakuti salumbira. Palibe amene amati sindidzamwanso mpaka imfa. Amangoti lero lokha, mawa tidzaonana. Munthu amene anaphwanya malumbiro ambiri pamaso pa ankhoswe, lonjezo la tsiku limodzi ndi limene angathe kulisenza.

Musaganize kuti nkhani inathera pokoma. Kunali chiliza kwa abale athu kutsidya, mowa wamasese utafululidwa migolo. Chipanda chitafika pa achimwene anakana, ndipo mawu anayamba kugwa. "Kodi mwayamba ubusa?" "Ngakhale kungonyowetsa milomo, malemuwa angadandaule." "Awa akulamulidwa ndi akazi awo." Analawa. Sabata yonse inapita osaoneka kumunda, ndipo ndalama ya mbewu inathera komweko. Atabwerera kushedi, akukoka miyendo ndi manyazi, bambo uja anangoti, "Mwabwera? Gwirani apa." Gudumu litatha ndi pamene anafunsa kuti, "Chinayamba n'chiyani?" Sanafunse kuti mwachitiranji, anafunsa chimene chinayamba. Kuchokera pamenepo anapangana zinthu zing'onozing'ono zimene palibe mlaliki akanaziganiza: pamaliro ndi paziliza azipita awiriawiri, azidzipereka pa ntchito yowaza nkhuni kapena kutunga madzi kuti asakhale pabwalo la mowa, m'manja muzikhala kale kapu ya thobwa kuti wina asaikemo chipanda, ndipo azinyamuka dzuwa lisanalowe. Tsiku lolandira ndalama ya fodya, munthu asapite yekha.

Kugwa kotere si umboni wakuti gulu n'lopanda ntchito. Wodwala shuga akadya zoletsedwa sitimuthamangitsa kuchipatala. Komanso gulu si chipatala. Chiwindi chikatupa, chifuwa chikakana kutha, kapena munthu akayamba kulankhula zodzipha, pamafunika adokotala tsiku lomwelo, osati bawo. Amuna ambiri amamwa pofuna kuziziritsa chinthu china chimene chili mumtima, ngongole ya katapila, imfa ya mwana, manyazi osowa chopatsa banja, ndipo mowa ukachoka chinthucho chimatsala poyera.

Pali anthu awiri amene kushedi kuja kulibe malo awo. Woyamba ndi mkazi wa chidakwa. Alamu anga mpaka lero akamva njinga ikubwera usiku amayamba amvetsera kaye mayendedwe ake. Ndalama ya fodya amasunga ndi iwo, ndipo achimwene akadandaula ndimawauza kuti chikhulupiriro chimene chinagumuka kwa zaka sichingamangike nyengo imodzi. Ku America akazi a anthu a m'gulu la Alcoholics Anonymous, motsogozedwa ndi Lois, mkazi wa Wilson, anayambitsa gulu lawolawo la Al-Anon mu 1951, ataona kuti nawonso avulala. Kwathu mayi wotere amangouzidwa kuti banja n'kupirira. Wachiwiri ndi mkazi amene amamwa yekha. Mwamuna woledzera timamuseka, koma mkazi woledzera timamutukwana, choncho amamwera kukhitchini, kabotolo kali m'dengu la ufa. Sangakakhale kuseri kwa shedi ndi amuna. Akufunika anzake aakazi, ndipo amayi amene amatha kusunga bokosi la banki m'khonde chaka chathunthu popanda kusowa tambala sangalephere zimenezi.

Mantha anga ndi amodzi. Tsiku lina wina adzamva za kagulu aka n'kubwera ndi galimoto, matisheti, fanta ndi alawansi. Pamenepo anthu adzachuluka, ena oti sanalawepo n'komwe, padzasankhidwa komiti, padzajambulidwa zithunzi, ndipo ndalama ikadzatha gulu lidzathera pomwepo. Taziona kambiri. Oyambitsa Alcoholics Anonymous nawonso poyamba ankafuna ndalama zambiri, koma John D. Rockefeller Jr., mmodzi mwa anthu olemera kwambiri nthawi imeneyo, anangowapatsa zochepa poopa kuti chuma chiwononga ntchitoyo. Pambuyo pake gululo linadziikira lamulo lokana ndalama zochokera kunja, ndipo limadalira zimene mamembala aponya okha. Linanenanso kuti anthu awiri kapena atatu okumana n'cholinga chosiya mowa ndi gulu kale. Kwa ine malamulo awiriwa ndi amene akuyenera kwambiri kumudzi kuno.

Choncho pempho langa kwa mafumu athu, akulu a mipingo ndi aphunzitsi aakulu n'laling'ono. Mvula ikayamba kuseri kwa shedi sikukhalika. Perekani chipinda chimodzi, kalasi kapena kanyumba ka kutchalitchi, masana amodzi pa sabata. Musatumeko wolemba mayina, musatumeko wolalikira, ndipo musaime pawindo. Inu alangizi a zaumoyo, mumadziwa khomo lililonse m'dera lanu. Mukudziwa amene anasiya ndi amene akuvutika. Pemphani chilolezo kwa onse awiri, muwakumanitse, kenako muchokepo.

Ndipo inu amene munasiya zaka zapitazo n'kukhala chete poopa kukumbutsa anthu mbiri yanu, dziwani kuti amene tinkamufuna m'mapiri monsemu ndinu. M'mudzi mwanu muli munthu amene mawa m'mawa kapu imukanika kunyamula. Pitani mukamuone, mumuuze zimene inu munaona, ndipo muyambe mwamuperekeza kuchipatala.